Pachulu Pomwe Netiweki Inkagwira

Chaka chimene abambo anadwala sitiroko ndinabwerera kwathu ku Namitambo ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi laputopu. Amayi anali atatisiya kale, mlongo wanga ali ku Joni, ndiye panalibe zoti tikhale pansi n'kukambirana kuti apite ndani. Ndinatseka kachipinda kanga ku Ndirande, n'kukakwera minibasi ku Limbe. Nditafika ndinawapeza atagona pamkeka, dzanja lamanja lili lende, pakamwa patapotoka pang'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayankhula Chilomwe, chimene sindinawamvepo akuyankhula chiyambire maliro a agogo. Chinyanja chinawabwerera patatha masabata angapo, koma chinkatuluka mochedwa, liwu limodzilimodzi.

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Nthawi imeneyo tinali anthu anayi omwazikana: abwana athu, amene anali mayi wodekha wokhala ku Lilongwe, mnzanga wina ku Mzuzu, wina ku Zomba, ndi ine. Tinkapanga pulogalamu yotumiza mauthenga pa foni kwa alimi a ng'ombe za mkaka, kuwakumbutsa tsiku la katemera, tsiku lopopera mankhwala a nkhupakupa, ndi nthawi imene ng'ombe ili pafupi kubereka.

Kufikira nthawi imeneyo aliyense ankagwira ntchito pa laputopu yake. Zipangizo zonse zolembera ndi zoyesera pulogalamu zinkakhala mkati momwemo, ndipo ukamaliza gawo lako unkatumizira anzako. Yanga ndinakhala ndikuikonza zaka zitatu, pang'onopang'ono, mpaka zala zinkadziwa zokha pamene pali chilichonse. Vuto linali lakuti zipangizo za aliyense zinkasiyana pang'ono ndi za mnzake. Ndinkatha kulemba chinthu chikugwira bwinobwino, chikafika ku Mzuzu n'kukana. Mnzangayo akaimba foni, ndinkangoti, "Achimwene, kwa ine zikugwira." Iye akalemba chake n'kukana kwa ine, ankandibwezera mawu omwewo. Tsiku lathunthu linkatha tikufufuza kuti kusiyanako kuli pati.

Abwana anatopa nazo. Anakonza kompyuta imodzi yaikulu, imene amaitcha seva, yokhala kudziko lina lakutali limene palibe mwa ife anafikako. Zipangizo zonse anaziika kumeneko, zofanana kwa aliyense, ndipo anati tonse tizilowa momwemo kudzera pa intaneti. Laputopu ya munthu inasanduka zenera chabe losuzumirira.

Ine sindinazikonde. Ndinawaimbira ndili pakhonde la abambo.

"Abwana, kuno si ku Lilongwe. Netiweki ikathawa ndiye kuti ntchito yathawanso."

"Ndamva, achemwali," anatero. "Koma tayesani kaye mwezi umodzi. Mukalephera tidzakambirana."

Pakhomo pathu netiweki inkangofika yokwanira kuimba foni, osati kugwira ntchito. Ndinayendayenda ndi foni m'manja ngati munthu wofuna nkhuku yosochera, mpaka ndinapeza malo amodzi: pamwamba pa chulu chakale chimene chili kumapeto kwa munda wathu wa nandolo. Pamenepo panali kamtengo ka mpoza kopereka mthunzi wokwanira munthu mmodzi. Ndinapalapo ndi khasu kuti pakhale posalala, n'kuikapo kampando.

M'mawa uliwonse ndinkayamba ndawasambitsa abambo, kuwamwetsa phala, kuwakhazika pampando panja kuti aothere dzuwa, kenaka n'kumapita kuchulu. Inali miyezi ya chiperoni. Nkhungu inkakhala itaphimba minda yonse, phiri la Chiradzulu likungooneka nsonga yokha, ngati layandama. Mame ankanyowetsa chitenje mpaka m'mawondo. Ndikakhala pansi n'kutsegula laputopu, ndinkadikira, kenaka ntchito yathu inkatulukira pa sikilini kuchokera kudziko lakutalilo.

Chimene sindidzaiwala ndi kuchedwa kwa zilembo. Ndikadina batani, chilembo sichinkaoneka pomwepo. Chinkayamba chapita kuseva, n'kubwerera. Nthawi zina ndinkalemba mzere wonse pa sikilini palibe kanthu, n'kuchotsa manja, kenaka zilembo n'kumabwera zokha mondondozana ngati zikulembedwa ndi munthu wina wosaoneka. Masiku oyamba zinkandikwiyitsa. Kenaka ndinazolowera, ndipo ndinayamba kuganiza mochedwa chimodzimodzi. Ndikamadikira ndinkayang'ana nkhungu ikusuntha m'dambo, n'kumalingalira za chipinda chimene sevayo inalimo. Abwana anati ndi nyumba yozizira yopanda mazenera, yodzaza makompyuta okhaokha ong'ung'udza. Ine ndinkaiona m'maganizo ngati khola lalitali loyera, lokhala ndi timagetsi tobiriwira, munthu mmodzi wovala juzi akuyenda pakati osadziwa kuti m'bokosi lina muli mawu a mayi wokhala pachulu ku Namitambo.

China chinali chakuti m'seva muja tinkaonana. Aliyense anali ndi kamzere kake kophethira kosonyeza pamene akulemba, ka mtundu wakewake. Kanga kanali kobiriwira, ka mnzanga wa ku Mzuzu kachikasu. Ndinkatsegula fayilo n'kupeza kachikasu kali kale m'menemo, kakutsika, kakuima, kakufufuta, kakulembanso. Ndinayamba kumudziwa munthuyo mwa njira imene foni sinandionetse. Akasokonezeka, kamzere kake kankakwera ndi kutsika osalemba kanthu. Ikakwana teni koloko kankaima mphindi zingapo, ndipo ndinkadziwa kuti wapita kukamwa tiyi. Kukangana kwathu kuja kunatha, chifukwa chokana chinkakana kwa tonse awiri nthawi imodzi, tikuchiona.

Koma panali masiku amene netiweki sinkabwera n'komwe. Panalinso masiku amene abambo ankadzuka ofooka, oti sindikanawasiya okha. Masiku otero ndinkakhala pamkeka pambali pawo n'kutsegula zipangizo zanga zakale, zomwe ndinali ndisanazichotse mu laputopu. Mmenemo zilembo zinkabwera pomwepo, ndipo mtima unkakhala pansi. Sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti ndikamaliza ndidzangosamutsira kuseva, palibe adzadziwe.

Ndinagwira choncho sabata yathunthu, ndikukonza gawo lowerengera masiku a bere la ng'ombe. Lolemba lake ndinakwera pachulu kukasamutsa ntchitoyo. Ndinapeza kuti mnzanga wa ku Mzuzu, poona kuti gawolo langokhala, analikonzanso mwa njira yake sabata yomweyo. Zanga ndi zake zitakumana zinasokonezana, pulogalamu yonse n'kuima. Foni inalira pasanathe mphindi zisanu.

"Achemwali, izi zachokera kuti?"

"Ndimalembera kwanga kuno. Netiweki kunalibe."

"Sabata yonse? Osanena? Ine ndakhala pa gawo limeneli masiku asanu."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandichititsa manyazi kwambiri. Ndinamuuza za abambo, zoti ena mwa masiku amenewo ndinkalemba ndi dzanja limodzi, lina litawagwira. Iye anati, "Pepani. Sindimadziwa kuti zafika pamenepo. Tiyeni tione zimene tingapulumutse." Tinakhala masiku awiri tikusankha mzere ndi mzere, wake kapena wanga. Malo ambiri wake unali wabwino kuposa wanga, ndipo ndinavomera.

Abwana atamva sanandikalipire. Anati ndizisunga zipangizo zangazo za masiku opanda netiweki, koma ndizinena gawo limene ndatenga, ndipo netiweki ikangobwera ndizitumiza zonse kuseva tsiku lomwelo. Ndinalonjeza.

Nandolo atayamba kuchita maluwa, abambo anayamba kuyenda ndi ndodo. Tsiku lina anati akufuna kukaona kumene ndimasowera m'mawa uliwonse. Ulendo wa mphindi zisanu tinayenda theka la ola. Pachulu sakanakwera, ndiye ndinawakhazika m'munsi pa kampando kanga, ine n'kuima pamwamba pang'ono nditapendeketsa laputopu kuti aone. Kachikasu kanali mkati, kakulemba.

"Manja ako ali phee," anatero abambo pang'onopang'ono. "Nanga akulemba ndani?"

"Mnzanga, ababa. Ali ku Mzuzu."

"Akutiona?"

"Ayi. Akungoona kuti ndilimo."

"Mpatse moni. Sungakhale ndi munthu m'nyumba osampatsa moni."

Ndinalemba pakati pa mizere ya pulogalamu kuti abambo ali pano ndipo akupereka moni. Kachikasu kanaima. Kenaka zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi: Mwadzuka bwanji bambo, thupi likupeza bwanji lero? Ndinawawerengera. Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi n'kutsika diso limodzi, n'kunena kuti ndimuyankhe kuti adzuka, kaya iyeyo ndi kunyumba.

Abambo anagwira ntchito ya ziweto ku Mikolongwe zaka zambiri asanapume. Ankadziwa ng'ombe kuposa mmene ankatidziwira ana awo, ndipo amayi ankawanena nazo zimenezi. Tsiku limenelo anandifunsa kuti uthenga wopita kwa mlimi umati chiyani. Ndinawawerengera chitsanzo: ng'ombe nambala yakutiyakuti ikufunika katemera Lachinayi.

Anapukusa mutu. "Nambala ili pakhutu. Mlimi saitana khutu. Amaitana dzina, kapena mtundu wake. Yamawanga, yamphumi yoyera, yothyoka nyanga. Ukamuuza nambala apita kukafunsa mwana wa sukulu, mwanayo akapita kukasewera, katemera wadutsa."

Ndinawauza anzanga, ndipo abwana anakondwera. Anandipatsa ntchito yoti ndilembe mndandanda wa mawu amene alimi amatchulira ng'ombe zawo, ndi zizindikiro zimene amaona ng'ombe ikafuna nkhunzi kapena ikatsala pang'ono kubereka, kuti mauthenga athu aziyankhula ngati munthu wa pamudzi. Ntchitoyo inachedwa chifukwa panali zina zofulumira. Tinadzaiyamba mvula itagwa kale, chimanga chitamasula ngayaye.

Chinali chaka chija cha mvula yosatha. Inayamba ngati mvula ina iliyonse, koma sinakate. Netiweki inazima tsiku loyamba. Sola yathu yotchajira laputopu inkangopereka moto wochepa, wokwanira ola limodzi kapena awiri. Tinakhala m'nyumba masiku atatu, madzi akulira padenga, ine pamkeka ndi laputopu pamiyendo, abambo atatsamira khoma akunena mawu. Sindinawaonepo akuyankhula choncho chiyambire kudwala. Liwu lililonse linkabwera ndi ng'ombe yake. Ankakumbukira ng'ombe ya mayi wina wa ku Magomero imene inkakana kukamidwa ngati wokamayo sakuimba, ndi ina imene anaibereketsa pakati pa msewu ana a sukulu atazungulira. Mawu ena ankawanena m'Chilomwe, ena m'Chiyao, n'kundimasulira. Ndinkalemba zonse, ndi nkhani zomwe, ngakhale sizinkafunika pa pulogalamu. Zonsezo zinali mu laputopu mokha, zikudikira netiweki.

Tsiku lachinayi m'mawa, ndikutenthetsa madzi, ndinamva phokoso lochokera kumtunda ngati galimoto zambiri zolemera zikubwera pamodzi. Anthu anayamba kukuwa. Madzi ofiira analowa pansi pa chitseko, ndipo khoma la kuchipinda linayamba kung'aluka ndikuliona. Sindikumbukira kuti ndinawanyamula bwanji abambo. Ndikungokumbukira kulemera kwawo kumsana kwanga, ndi mpweya wawo pakhosi panga, ndi bambo wina woyandikana nafe akutilandira pa mtunda n'kuwatenga. Titacheuka, mbali imodzi ya nyumba inali itakhala pansi. Ife tinapulumuka. M'midzi ina ya kufupi ndi phiri anthu ambiri sanapulumuke, ndipo ena mwa iwo ndinkawadziwa. Za iwowo sindingathe kulemba pano.

Tinakakhala ku tchalitchi pamodzi ndi mabanja ena. Patapita masiku ndinabwerera kukafukula pa bwinja, ndipo laputopu ndinaipeza pansi pa zidina, yodzaza matope mpaka mkati. Ndinaitsuka, ndinaiyanika, ndinaipititsa kwa wokonza mafoni pa msika. Anaitsegula, anayang'ana, n'kungondibwezera ndi manja awiri.

Netiweki itabwerera, wokonza mafoniyo anandilola kugwiritsa ntchito kompyuta yakale imene ankasindikizira makalata a anthu. Inali yochedwa, batani limodzi losowa. Ndinakhala pa benchi m'kasitolo kake, wailesi ikulira, n'kulemba mawu anga achinsinsi olowera kuseva. Sindinkayembekeza kanthu. Masiku amenewo chilichonse chimene ndinkachifuna ndinkachipeza chitakwiririka kapena chitapita ndi madzi.

Sikilini inachedwa, kenaka inatseguka. Zonse zinali mmene ndinazisiyira tsiku lomaliza pachulu. Mafayilo omwewo otsegula, mzere umene ndinausiya pakati uli pomwepo wosamaliza, kamzere kanga kobiriwira kakuphethira kumapeto kwake. Kunja anthu ankayenda m'matope atasenza malata opindika, koma m'menemo mvula inali isanagwe. Ndinakhala ndikungoyang'ana, manja ali pamiyendo. Ndinamva ngati ndalowa m'nyumba yathu isanagwe, n'kupeza kapu ya tiyi ikadali yofunda.

Pansi pa mzere wangawo panali mizere ina imene sindinalembe ine. Mnzanga wa ku Mzuzu, atalephera kundipeza pa foni, ankalowa tsiku lililonse n'kusiya mawu pamenepo. Woyamba unati, Achemwali, tamva za mvula, muli bwanji? Wina unati, Sindinakhudze gawo lanu, lili momwemo. Wina unangoti, Bambo ali bwanji? Womaliza unalembedwa m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndinalemba pansi pake kuti tili moyo tonse awiri. Pasanathe mphindi kachikasu kanatulukira, kanabwera kudzaima pafupi ndi kanga. Wokonza mafoni uja anatsitsa wailesi, n'kutuluka panja ngati ali ndi chochita.

Zimene zinali kuseva zinapulumuka zonse, ntchito ya miyezi yambiri. Zimene zinatayika ndi za masiku atatu aja okha, mawu a abambo ndi nkhani zawo. Ndakhala ndikuziganizira kambirimbiri. Ndikanakhala wodalira seva yokha, masiku atatuwo sindikanalemba kanthu, chifukwa netiweki kunalibe, ndipo mwina abambo sakanayankhula n'komwe. Ndinalemba chifukwa zipangizo zinali m'manja mwanga, ndipo zinatayika pa chifukwa chomwecho. Anzanga akamakangana mpaka lero kuti njira yabwino ndi iti, ine ndimayankha mochedwa.

Nditabwerera ku tchalitchi ndinawauza abambo kuti mawu awo aja apita. Anali atakhala pakhonde, atafunda bulangete limene tinalandira. Anangoti, "Tenga pepala."

Ndinapempha kope kwa aphunzitsi ena amene tinkakhala nawo. Tinayambanso, koma sizinabwere ngati poyamba. Nkhani zina anaziiwala, zina anazisintha. Ng'ombe yokonda nyimbo ija tsopano inali ya bambo wa ku Mikolongwe, ndipo nditawakumbutsa kuti poyamba anati ya mayi wa ku Magomero, anandiyang'ana ngati ndikuwanamizira. Anthu ena okhala pakhondepo anayamba kumvetsera. Agogo ena aamuna anatsutsa liwu lina, akuti kwawo ng'ombe yotero saitchula choncho. Mayi wina wachiyao, amene ng'ombe zake ziwiri zinapita ndi madzi, anakhala patali tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anasendera pafupi n'kutchula mayina a ng'ombe zakezo, n'kufotokoza mmene ina inkachitira ikatsala pang'ono kubereka, ikuyendayenda m'khola n'kumayang'ana kumbuyo kwake. Anandiuza kuti ndilembe bwinobwino, ndipo ndinamuwerengera kuti amve ngati ndalemba zoona.

Tinachita zimenezi masana aliwonse kwa sabata ziwiri. Anthu analibe chochita china koma kudikira kuti nthaka iume, ndiye khonde linkadzaza. Panali kutsutsana, nthawi zina kuseka, koyamba chigwereni mvula. M'mawa ndinkayenda wapansi kupita ku kasitolo kaja ndi kope m'chitenje, n'kukalemba zonse kuseva tsiku lomwelo. Mndandanda unatuluka wautali kuposa woyamba, ndipo mawu ambiri amene alimi amalandira pa foni lero anachokera pakhonde limenelo.

Abwana ananditumizira laputopu ina pa basi, ndipo ndinakailandira ku Limbe. Zipangizo zanga ndinaikamo zochepa, zongokwanira tsiku lopanda netiweki. Mlongo wanga anabwera kuchokera ku Joni, tinaumba zidina, n'kumanga zipinda ziwiri pamtunda pang'ono kusiyana ndi pakale. Chimanga chonse chinali chitagona m'matope, ndiye tinapempha mbewu ya mbatata kwa achibale a ku Thyolo n'kubzala mochedwa. Abambo anakhala nafe nyengo zina ziwiri za mvula asanatisiye. Tsiku lokumba mbatata yoyamba ija anakana kutsala pakhomo. Anakhala pa mzere atatambasula miyendo, akusasa dothi ndi dzanja lawo lamanzere, n'kumaika zazikulu mbali ina, zazing'ono mbali ina, akutiuza kuti tikukumba mothamanga ndipo tikuzitema ndi khasu.